Manambala a che Bilali

Lolemba, 5 Ogasiti

Amene adzapeze kope ili andikhululukire malembedwe. Sukulu ndinalekera sitandade folo, ndipo dzanja langa limalemba ngati mapazi a nkhuku pamatope. 3 wanga ndi 5 wanga amafanana. Lero zimenezi zandithandiza.

Amuna anga che Bilali akuti Loweruka akwera phiri la Chaone. Yasmin, mwana wa mlongo wawo, akukwatiwa pamwambapo, ndiye pakufunika mjomba, malume ake a mkwati. Munthu wa zaka 63, wa bipi! Akulu awo che Twalibu sitiroko inawagwira m'njira yomweyo zaka ziwiri zapitazo, anatsika pamachira. Mpaka lero mkono wamanzere umangolendewera, pakamwa pamapita kumbali.

Anamwino a Jane ati tiziyeza m'mawa uliwonse ndi kamakina kamene Husna wathu anatumiza kuchokera ku Joni, tizilemba pakapepala, Lachisanu tikaonetse. Nambala yapamwamba ikamakhala pansi pa 140, akhoza kukwera pang'onopang'ono.

Kamakina kakayamba kufinya mkono, bambowa amatsinzina n'kumanong'ona duwa, kupempha Mulungu. Wowerenga ndine.

132. Ndalemba 152.

Lachiwiri, 6 Ogasiti

Ndimafuna lero ikwere yokha kuti ndisaname. Nditawamanga lamba pamkono ndinawakumbutsa za mbuzi ya che Zubairu imene inatidyera mbatata. Ndinawonjezera kuti timu yawo ya mpira ndi ya agogo. Angoti, "Amake Husna, mwadzuka ndi ndani lero?"

129. Yatsika! Munthu wanji ameneyu?

159.

Lachitatu, 7 Ogasiti

Nsapato zawo zolimba zija ndazikwirira m'thumba la gaga. 131, ndiye kuti 161.

Lachinayi, 8 Ogasiti

Sizikukomanso ngati Lolemba. Asiya mchere wonse, akana tiyi, usipa akuutsuka kawiri. Atamva 158 anati, "Mwana uja alibe bambo. Adzayang'ana kumbuyo n'kupeza ndani?"

Ndinathawira kuseri ngati ndikukaona nkhuku.

Masana tinapita kwa che Twalibu. Kuseka sanasiye, ngakhale ndi theka la pakamwa. Akuti, "Bilali, ukapita unyamuliretu machira ako, anga aja anathyoka." Amuna anga anaseka. Ine ndimangoyang'ana alamu akulimbana ndi kapu ndi dzanja limodzi, madzi akutsikira m'ndevu.

Iyayi. Bola andikwiyire ali ndi manja onse awiri.

Lachisanu, 9 Ogasiti

Ndagwidwa.

Lero ndinalemba 163. A Jane anayang'ana kapepala, nkhope n'kusintha. Ati mapiritsi akalewo akuchepa, awonjezera ena amphamvu, ayambe lero lomwe. Ndinafunsa ngati ndikufunsira munthu wina: nanga amene bipi yake ili bwinobwino atamwa amenewo?

"Chizungulire, mayi. Akhoza kugwa paliponse."

Kugwa! Ine ndakhala sabata yonse ndikuletsa kugwa komweko.

Ndinayamba ndi kunena kuti 3 wanga amaoneka ngati 5. A Jane anati, "Nanga 6 wanu, nayenso ndi 3?" Ndinaulula zonse. Mbuzi, mpira, zonse, kupatula nsapato.

Anawayeza okha kawiri. 130. Kenako anati, "Bweretsani mkono wanu, mayi." 168. Anadikira ndipume, n'kuyezanso. 166. Akuti ndiziyeza kunyumba, ndibwerenso Lolemba, ndipo phiri ndisaliyandikire. Ine amene m'mutu ndinali nditamanga kale kathumba koti ndipite nawo ndizikawalondera!

Bambowa a Jane awauza mosabisa kuti ngozi sinachoke. Amwe mapiritsi, anyamule madzi, anyamuke dzuwa lisanawawe, azipuma pafupipafupi, asayende okha. Mutu ukawawa modabwitsa, mkono ukalemera kapena lilime likayamba kukokeka, anzawo asadikire kuti zitha zokha, atsike nawo msanga. Ndinawapempha abwereze kawiri.

Che Bilali sanandilankhule mpaka pa Ntaja. Tikudutsa pamsika anangoti, "Masiku anayi ndadya ndiwo zopanda mchere ngati wakuba." Pambuyo pake mapewa awo anayamba kugwedera. Ndimaganiza akulira, koma kunali kuseka. Atabwera kumzikiti ku mapemphero a Juma anandipeza ndikusenda chinangwa, n'kuchotsa mchere patsogolo panga, kukaukhomera m'sutukesi.

Loweruka, 10 Ogasiti

Atatha swala, pemphero la m'mawa, anapita molunjika pathumba la gaga, n'kutulutsa nsapato, kuzigunditsa pakhomo. Akuti nkhuku zakhala zikuwaonetsa malowo kuyambira Lachitatu.

Anatsegula maso poyeza, koyamba. 133. Analemba okha.

Anyamuka ndi amuna anzawo anayi. Aliyense ndamufotokozera za lilime ndi mkono mpaka wina anati, "Anamwino, tamva." Mabotolo a madzi ndinaika atatu, anabweza limodzi. Ndinalilowetsanso atatembenuka.

Andisiyira wondiyang'anira: che Twalibu, awabweretsa pa kabaza. Akhala pakhonde ngati apolisi, kamakina pamwendo. Andilamula nditsinzine monga mwa mwambo wa nyumba ino. Kanafinya, kanamasula.

"190, alamu."

Ndinatsegula maso atazimitsa kale. Pakamwa pawo pali kumbali masiku onse, ndiye sindingadziwe ngati akuseka.

Dzuwa lafika pamutu. Foni ya che Bilali sikugwira. Sindikudziwa ngati afika pamwamba, ndipo nambala yanga yeniyeni sindikuidziwa.