Pepala Latuluka M'dzina la Malemu

Aphungu,

Ndimagwira ntchito pa kampani ina yogulitsa zipangizo zomangira, mbali yotumiza katundu. Ofesi yathu ili pansi, ilibe zenera, ndipo kompyuta yaikulu ya kampani imangong'ung'uza kuseri kwa khoma tsiku lonse. Tebulo langa linali la bambo wina amene tinkawatchula kuti a Jekete, poti sankavula jekete ngakhale kutenthe bwanji. Anamwalira miyezi itatu yapitayo.

Sabata yatha mndandanda umene timasankhirapo ntchito pa sikirini unakana kutseguka. Mnzanga anandionetsa moitanira pulogalamu yosindikiza mapepala a katundu polemba ndekha pa mzere wa malamulo: dzina la pulogalamu, kenako nambala ya oda. Ndinalemba 47. Pepala linatuluka, ine osaliwerenga, ndinangopatsa dalaivala.

Masana dalaivala anabwerera nkhope itagwa. "Mwandituma kwa amasiye," anatero. "Pepalali lili m'dzina la a Jekete, adiresi ndi yakunyumba kwawo. Akazi awo ataona matabwa asanu ndi limodzi ndi misomali, ngati za bokosi la maliro, angokhala pansi pakhonde."

Pansi pa pepalalo panali mawu awiri: "Ndikungoyesa. Musandaule."

Ndayesa manambala ena, kompyuta ikuti palibe. Nditalemba 12, dzina lawo linatulukanso. M'dirowa ndapezamo kope lawo lodzaza ndi mizere ya maziro, uliwonse kuthera ndi F, ndipo anzanga akukana kuligwira. Abwana akuti ndinachita dala chipongwechi, moti Lolemba ndikaonekera kwa akuluakulu. Ndili ndi ana awiri, koma mpando uja ndikuuopa. Kodi ndingosiya ntchito?

E.T.

Mayi E.T.,

Ntchito musasiye. Nanenso ndikuwerenga kalata yanu ndinacheuka kumbuyo, koma amene akukuyankhani pa sikirinipo si a Jekete.

Makompyuta akuluakulu a m'makampani ali ndi khalidwe lawo. Mukalemba nambala pa mzere wa malamulo, amaikulunga m'malo khumi ndi asanu, ndipo malo asanu akumapeto amawasungira zakuseri kwa dontho. Choncho 47 wanu amanyamuka ali 47.00000. Pulogalamu yanuyo ikuoneka kuti dontho siilidziwa, imawerenga zonse ngati nambala imodzi, 4700000. Oda yeniyeni siinafike kutali choncho, n'chifukwa chake nthawi zambiri ikuti palibe. Koma anthu a ntchito imeneyi amakonda kubisa maoda oyesera pa manambala akutali, n'kulembapo dzina ndi adiresi yawo kuti asavutitse kasitomala. Malemu anatero, ndipo inu mwaponda pawiri pamene anabisa.

Kope lija si mankhwala ayi. Maziro othera ndi F ndi njira yolembera nambala ndendende mmene pulogalamu imaifunira. Bamboyo ankaudziwa msamphawu, kungoti anapita nawo osauza munthu.

Lolemba musakalire, ndipo musakalumbire. Kapempheni akuluakuluwo atsike nanu ku ofesi. Lembani 47 akuona, dzina la malemu lituluke. Kenako lembani 0.00047. Ngati ndalondola, patuluka oda yeniyeni ya kasitomala wa nambala 47, amene mpaka pano akudikira katundu wake. Mapepala awiriwo muwaike patebulo, ndiwo akakuyankhulireni. Mukatero pemphani katswiri wa makompyuta akonze mndandanda uja, kapena alembe kapulogalamu kolandira nambala n'kuipereka moyenera, kuti nkhani yolemba pamanjayi ithe.

Koma ndikuchenjezeni. Munachita mwayi kuti pulogalamuyo ndi yongosindikiza. Ikanakhala yofufuta kapena yosintha zinthu, ikanagwira ntchito yake mwakachetechete pa nambala yolakwika, popanda dalaivala wobwera kudzakuuzani. Musaitanenso pulogalamu imene simukudziwa kuti imalandira nambala yotani, ndipo pepala lililonse muziliwerenga lisanachoke m'manja mwanu.

Mlandu wa kuntchito utha Lolemba. Wotsala ndi wa akazi a malemu aja. Inu mwaopa sabata imodzi muli ndi anzanu pafupi, pamene iwo ali okha m'nyumba, akuganiza kuti amuna awo awatumizira matabwa a bokosi kuti awatsatire. Musadikire Lolemba. Pitani mawa mukawauze kuti sanaitanidwe.

Phungu wanu