Mamendulo Asanu a Agogo a Sajeni

Partick, Glasgow
13 Novembala 2023

Okondedwa achemwali a Nelia,

Ndikhulupirira muli bwino ndi ana ku Namadziko. Kuno kwayamba kuzizira, koma tilipo.

Dzulo kutchalitchi tinali kukumbukira asilikali. Mdzukulu wanga Erin anavala mamendulo a agogo athu a Sajeni Chikopa, onse asanu. Awiri ndi a nkhondo yoyamba, imene analowa mu 1916. Atatu ndi a yachiwiri, imene anabwerako pa 9 Febuluwale 1946. Abusa atamufunsa mwini wake, Erin anayankha m'Chichewa chake chopotoka chija kuti, "Agogo a agogo anga! Anapita kawiri!"

Ndikudziwa kuti pamwambo wathu mamendulowa ndi a mbumba, oyenera ana anu osati anga. Ndinangowabwereka mu 2004, ndipo papita zaka 19.

Pa 21 ndikupitanso kuchipatala ku Govan. Adokotala akuti ulendo uno ndisapite ndekha. Musade nkhawa, koma ndiyankheni msanga. Mamendulowa ndiwatumize onse, kapena Erin atsale ndi imodzi? Ndi iye amene amawapukuta Loweruka lililonse, popanda womutuma.

Ndine mlongo wanu,
Dunstan