Atitsekera Madzi

Mayi a ana,

Musavutike kutsegula mpopi, a zamadzi atitsekera m'mawa uno. Ndinawaonetsa uthenga wa kubanki monyadira, koma mkulu wawo anangoti, "Bwana, mwalipiradi, koma nambala ya mita iyi si ya nyumba ino."

Paja polipira pafoni, banki imatumiza ndalama ku nambala imene unasunga. Ine chisamukireni sindinaisinthe. Ndiye miyezi yonseyi takhala tikusambitsa anthu amene analowa m'nyumba yathu yakale ija!

Ndathamangira kubanki kukakonza. Pemphani ndowa ziwiri kwa aneba. Chonde amayi anu asamve, paja ndinkawaseka kuti amakonda kuima pamzere.

Pepani. Mukafuna kusamba, tengani sopo mupite kunyumba yakale. Asakukanizeni, madziwo ndi athu.

Mwamuna wanu wodziwa zamakono