Kamfuti Kanga Konyezimira

Okondedwa asuweni a Orval,

Muli bwanji ku Montanako? Kuno ku Tulsa tili bwino, kupatula bondo langali.

Ndamva kuti kamfuti kanu ka m'thumba, kamodzi mwa tiwiri tija anatisiyira agogo, kapambana pachionetsero. Ndakondwa. Mkazi wanga Lurleen akuti nkhope yanga sikuonetsa, koma ndakondwa ndithu.

Kanga ndinapita nako Loweruka kwa mkulu wina wodziwa mfuti zakale. Atakayang'ana ndi galasi anafunsa, "Anakakwecha ndani kameneka?"

Ndinadziguguda pachifuwa. "Ineyo, Lamlungu lililonse, zaka makumi atatu."

"Pepani bambo, kuda kuja ndiye kunali ulemerero wake. Maluwa ozokota aja mwawafafaniza, ngakhale dzina la mwiniwake silikuwerengeka."

Inu kanu munangokaponya m'sokosi n'kukaiwala, ngati mmene munaiwalira njira yakuno agogo akudwala. Koma zimenezo tisakambe.

Mukapeza mpata munditumizire chithunzi. Musavutike kujambula konse, ndingofuna pamene pali dzina la agogo. Pakangaka ndinalifufuta ndekha, ndi manja omwewa amene ankasambitsa agogowo akudwala.

Ndine msuweni wanu wokondwa uja,
Delbert