Kavalo Amene Amandidikira

Pa 3 Julayi

Okondedwa Amayi,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu. Kodi bondo lija likuvutabe kukazizira? Kalata yanu ya pa 11 Meyi inandipeza pa 26, ndipo ndaiwerenga kasanu. Ine kuno ndili bwino, kupatula phewa lakumanzere limene ndifotokoze m'munsimu. Musade nkhawa, linapola.

Ntchito ikadali yomwe ija ya kukhola la akavalo. Alipo khumi ndi anayi. Ndimawapesa, kuwamwetsa madzi ndi kusesa m'zipinda mwawo. Kukamacha, nthunzi imatuluka m'mphuno mwawo mpaka khola lonse kuoneka ngati lili m'mitambo, ndipo nthawi zina ndimaiwala kuti ndagwira tsache.

Pa 4 Malichi anabweretsa kavalo wamkazi wotuwa. Tinamutcha Kamphepo chifukwa ngakhale tsamba ligwe, khungu lake lonse limanjenjemera. Kumene anachokera ankamumenya, zipsera zili m'nthitimu. Abwana ananena kuti akapanda kunyamula munthu n'kuzungulira bwalo katatu pofika pa 30 Juni, amugulitsa kwa anthu okoketsa ngolo za njerwa. Ndinapempha kuti andisiyire ine. Anzanga anaseka, amvekere wosesa m'khola wafunsira mbeta mphepo.

Masiku 19 oyamba sindinamukhudze. Ndinkangokhala pachidebe pakhomo pa chipinda chake nditamufulatira, n'kumakumbukira mawu anu aja akuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsiku la 20 ndinamva mpweya wofunda kumbuyo kwa khutu. Sindinacheuke. Chishalo anachilola pa 15 Epulo. Koma pa 9 Meyi, tsiku loyamba kumukwera, tinangoyenda mapazi asanu ndi awiri, ine n'kupezeka ndili chagada pamchenga ndikuyang'ana kumwamba. Nkhani ya phewa ndi imeneyo.

Pali amisiri ena achikulire amene amabwera Lachinayi kudzakhoma zitsulo ku ziboda za akavalo. Iwo anaona zonse. Atandidzutsa anandifunsa chimene ndinkachita pamsanapo, ndipo ndinati ndinkawerenga mapazi chamumtima. Anapukusa mutu.

“Mwana wanga, iwe ukakwera umaleka kupuma ngati wamira m'madzi. Kavalo amamva ndi msana. Ukagwira mpweya, iye amati mnzangayu waona chilombo, tithawe.”

Anati ndiziimba, poti munthu woimba sangagwire mpweya. Ndinawauza kuti mawu anga ndi oipa. Iwo anati kavalo sasankha anthu a kwaya.

Amayi, nyimbo imene inabwera pakamwa panga ndi ija ankaimba Abambo polima ndi ng'ombe, ya kambalame kofunsa njira kwa mtambo. Chimwalirireni iwo, zaka zisanu ndi chimodzi tsopano, ndinali ndisanaiimbepo. Nditangoyamba, makutu a Kamphepo anatembenukira kwa ine. Msana wake unafewa, zingwe zinalendewera m'manja, ndipo tinayenda ngati mmene munthu amayendera kutulo, osamva kuti pansi pali nthaka. Ndinamva ngakhale fungo la dothi longotembenuzidwa kumene, chonsecho kuno kulibe munda.

Bwalo lathu ndi mapazi 212. Nyimbo inatifikitsa pa 140, pamene kambalame kamafika pamtsinje. Kuchokera pamenepo mawu ndinawaiwala, ndipo ndinagwiranso mpweya. Ndinatsinzina kudikira kugwa. Kamphepo anangoima phee, khutu limodzi lili kwa ine, mpaka ndinapuma n'kuyambanso nyimbo pachiyambi. Zakhala choncho tsiku lililonse.

Pa 30 Juni abwana anabwera n'kutsamira mpanda, amisiri aja ali pambali pawo. Kuzungulira katatu ndi mapazi 636, ndiye tinaima kanayi. Nthawi iliyonse mtima unkandiuza kuti basi, ngolo ya njerwa yamutenga. Nditatsika, abwana anafunsa chifukwa chake kavaloyu amaimaima. Ndinaganiza zonamizira chiboda, koma ndinanena zoona, kuti woima ndine, iye amangondidikira.

Abwana anasisita Kamphepo pamphumi. Kenako anati:

“Kavalo wodikira munthu sagulitsidwa.”

Akuti chaka chamawa Kamphepo azidzanyamula ophunzira amantha. Amisiri aja anawonjezera kuti ngati pali wofunika kugulitsa, ndi woimbayo, poti ndi amene sanamalize maphunziro.

Ndiye pempho langa ndi limodzi lokha. Mundilembere mawu otsala a nyimbo ija, kuyambira pamtsinjepo mpaka pomaliza. Ngati maso akuvuta, achemwali alembe inu mukuimba, asasiye ngakhale malo aja Abambo ankangong'ung'udza. Ngati nanunso penapake pakutayikani, mufunse amalume, poti ndi amene ankatsogolera ng'ombe. Ndikudziwa kuti nyimboyi ikulemerani kuiimba. Musafulumire. Mukaima pakati, achemwali adikire.

Mundiperekere moni kwa achemwali ndi alamu anga, kwa amalume, kwa azakhali, ndi kwa adzukulu anu onse atatu. Wamng'onoyo mumuuze kuti kavalo saluma munthu amene wasamba.

Kambalame kaja kakhalitsa pamtsinje, Amayi. Ine ndi Kamphepo tikufuna tikaolotse.

Tsalani bwino,

Ndine mwana wanu wachitatu,
uja munkati Kawerenga