Mphalapala za m'Kabokosi

Amayi anga, muli bwanji kumeneko? Ndine Simoni wanu. Kuno tili bwino, ndipo nkhani imene ndili nayo lero, mukanakhalapo mukanaimba nthungululu mpaka mawu kusasa.

Ndiyambe ndi za kwathu ku Ntaja, poti ndinapitako m'masika. Mlongo wanga Esinati anachira, mwana wamkazi, ndipo tinamutcha dzina lanu. Akafuna kulira amayamba wakwinya pamphumi monga munkachitira inu mukapeza ana akuseweretsa mono wanu wogwirira nsomba. Mpunga wa kudambo unachita bwino, koma nandolo anathera mbuzi za a Jafali, ndipo mpaka pano eni mbuziwo akuti zinali za munthu wina. Denga la nyumba yanu linagwa mbali imodzi. Mtengo wanu wa mango ukubalabe, ndipo ndinatolapo nthangala imodzi n'kubwera nayo m'thumba.

Inu munatisiya nditangolowa chikamwini kuno ku Utale, ndiye za mavuto anga simunazione. Mukuwakumbukira a Likongwe, malume a Filomena mkazi wanga, aja ovala chibangili cha ubweya wa kumchira kwa njovu? Ndiwo mwini mbumba pamudzi pano. Pa unyamata wawo anali mlenje woopsa, koma tsopano mawondo anawakana. Ankafuna kuti ine ndilandire mfuti yawo ya gogodela. Ine, Amayi! Munthu woti nkhuku yomwe ndimachita kupempha wina kuti andizingire.

Ndiye kunatsika mzungu wa bayisikopo pa sitima, akufuna anthu onyamula katundu kupita ku Shire, kumtunda kwa Liwonde, kukajambula mvuu ndi nyama zina. Ndinalembedwa ntchito yonyamula miyendo itatu ya kamera. Anzanga tikabisala ankatsokomola, kukanda, kupha udzudzu. Ine ndinkangokhala monga munandiphunzitsira ku nyanja ya Chiuta tikamadikira nsomba, muja munkati, "Khala phee, Simoni, madzi akuiwale kaye." Mzunguyo anaziona, nayamba kundiphunzitsa. Kamerayo ndi kabokosi kachitsulo, umakapukusa ngati wotchi, ukadina kamalira ngati nkhululu, ndipo chilichonse chodutsa patsogolo pake chimatsalira m'katimo chikuyenda.

Ntchitoyo ndinaikonda, sindikubisirani. Koma ndikabwera kunyumba a Likongwe ankandidikira pakhonde.

"Akamwini, mwagona kutchire. Nyama ili kuti?"

"Ili m'kabokosi, malume."

"Iyayi, ndikufunsa nyama. Ana adya kabokosi?"

Nsalu ndi sopo ndinkabwera nazo, koma kwa iwo mwamuna wopita kutchire n'kubwera m'manja mulibe magazi ndi chitonzo cha mudzi. Tsiku lina anandipeza ndikukumba kadzenje kuseri kwa nyumba kuti ndibzale nthangala yanu ija. Anakakwirira ndi phazi. Anati mtengo amabzala munthu wokhalitsa, ndipo ine thonje likangotha kukolola ndipinde mphasa yanga ndizipita kwathu. Mukudziwa za chikamwini, Amayi. Ana anga, Luka ndi Agnesi, akanatsala konkuno, ine n'kumawaona ngati mlendo. Mtima unandiwawa kwambiri, ndipo ndinakulirani monga kuti maliro anu ndi a dzulo.

Koma mpongozi wanu Filomena ndi mkazi! Pamudzi pano pali mwambo wa akazi a alenje: mwamuna akapita kosaka, mkazi sasesa m'nyumba, ndipo sathira mchere m'ndiwo ndi dzanja lake mpaka mwamunayo abwere, kuti asakumane ndi tsoka. Nditanyamuka ulendo wotsatira, Filomena anaika tsache padenga, mchere n'kumaitana mng'ono wake kuti adzathire. Amayi a kuchitsime anaseka mpaka kugwetsa mitsuko. A Likongwe anapsa mtima, amvekere, "Iwe, mwambo umenewo ndi wa alenje, si wa onyamula miyendo ya azungu!" Iye anangogwada n'kuyankha kuti, "Malume, njati siifunsa kuti wanyamula chiyani." Ndipo tsachelo silinatsike.

Ulendo umenewo mzungu anapita pa bwato kukatsata mvuu, ine anandisiyira kamera yachiwiri pa thawale lina m'katikati mwa mitengo ya tsanya. Ndinamanga kachisakasa ka masamba kumene mphepo inkapita, ndinalowamo n'kukhala. Masiku anapita ndikungoona njiri ndi anyani. Kashembe ankandiluma pamsana mpaka malaya kumata magazi, koma sindinakande. Ndinkangomva inu: madzi akuiwale kaye.

Tsono m'mawa wina dzuwa litakwera pang'ono, mbalame zinangoti zii. Ndinaona nyanga zopindikira kumbuyo zikutuluka m'maudzu. Mphalapala, Amayi! Gulu lathunthu, zazikazi zofiirira, tiana, ndipo pambuyo pake tonde wakuda bii, kumimba koyera. Ndinadina. Kabokosi katayamba kulira, tondeyo anatukula mutu n'kuyenda kulunjika pa ine mpaka ndinkamva kupuma kwake. Miyendo yanga inkafuna kuthawa yokha, koma chala sindinachotse. Anandiyang'ana, anapemerera, kenako anatembenuka n'kukamwa madzi. Anandiiwala.

Vuto linali loti filimu amakaitsuka kutali, ndipo imatenga miyezi. Ndinabweranso chimanjamanja. Thonje tinakolola, tinakagulitsa, ndipo a Likongwe anayamba kundifunsa ngati mphasa yanga ili ndi chingwe chomangira. Ndinali nditatsanzika kale kwa anzanga a kwaya pamene lole inaima pasukulu, mzungu uja ali m'katimo. Paja ndinamupempha kuti filimu ikadzatha adzaionetseko kuno, koma sindinkakhulupirira kuti adzakumbuka.

Anatseka mawindo ndi mphasa masana dzuwa likuswa mtengo, nakoloweka nsalu yoyera kutsogolo. Mudzi wonse unadzaza m'menemo. A Likongwe anabwera mochita kukokedwa, anakhala pafupi ndi khomo, atafulatira pang'ono. Mvuu itayasamula pansalupo, ana anathawira pansi pa mabenchi, ndipo mayi wina anataya mwana wa mwini. Kenako mzungu ananena m'Chinyanja chake chopindika chija kuti, "Izi zikubwerazi anajambula Simoni."

Nyanga zija zitangotuluka m'maudzu, ndinamva benchi ikugwa. A Likongwe anali ataimirira, ndodo ataiiwala pansi. Munthu wa mawondo akufa uja anayenda chowerama mpaka kutsogolo, akunong'ona, "Chete, chete nonse, mphepo ili bwino." Tonde atayamba kuyenda kubwera kwa ife anakuwa, "Mfuti! Ndipatseni mfuti!" Anthu anaseka, koma iwo sanamve n'komwe. Anatambasula dzanja kuti akhudze khosi la nyamayo, chithunzi n'kugwera pamkono pawo.

Atachotsa mphasa m'mawindo, a Likongwe anandiitana pamaso pa anthu onse.

"Akamwini, munali pati?"

"Ngati apa ndi pakhomopo, malume."

"Opanda mfuti?"

"Opanda."

Anayang'ananso nsalu yoyera ija. Kenako anati mphalapala anaiona komaliza Filomena asanabadwe, ndipo ankaganiza kuti adzafa osaionanso. Anati, "Yanga ndinkapha, tinkadya, mawa lake yatha. Iyi tadya mudzi wonse, ndipo ikadalipo. Auzeni azungu anuwo abwerezenso." Anabwereza, Amayi, ndipo a Likongwe ankauza ana kuti iyi ndi yaikazi, iyi ili ndi bere, uyu ndiye mwini gulu, ngati anajambula ndi iwo.

Sabata yathayi mzungu anatumiza mawu kuti tikajambule njovu kutsidya. Ndikumanga katundu, ndinaona a Likongwe akubwera ndi ndodo yawo. Sanandiyang'ane ine ayi. Anaima pakhomo la khitchini n'kunena mokweza kuti amayi a kuchitsime aja amve: "Filomena! Amuna ako akupita kutchire mawa. Tsache likwere padenga, ndipo ndisamve kuti wathira mchere." Potembenuka anakanda pansi ndi ndodo kuseri kwa nyumba, pamalo pomwe anakwirira paja, amvekere, "Pano nthaka ndi yabwino. Mukuchedweranji?"

Nthangala yoyamba ija inauma kalekale, koma Esinati anali atanditumizira ina ya mumtengo womwewo. Ndaibzala lero m'mawa, Luka wathira madzi, Agnesi waikira minga kuti mbuzi zisadye. Ndakhala, Amayi. Sindikupitanso kulikonse.

Chimene chimandipweteka n'chakuti kabokosika ndinakadziwa mochedwa, inu mutapita, moti ndilibe chithunzi chanu ngakhale chimodzi. Koma mvula ikatha ndipempha kamera, ndipite nayo ku Chiuta pamalo panu potchera mono, nditenge ndi kadzina kanu kaja, mwana wa Esinati. Ndikamukhazika m'mbali mwa madzi, ndikamuuza mawu anu aja, ndipo akakangokwinya pamphumi, ndikadina.

Gonani bwino, Amayi. Ndimakukondani monga kale.

Ndine mwana wanu,
Simoni