Kansomba ka M'mchenga

Makokola, Mangochi
14 Okutobala 2024

Okondedwa achimwene a Sumani,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno dzuwa likuphika anthu, koma amayi ali bwinoko, mwendo uja wasiya kutupa. Jekete munatumiza inafika, ngakhale sindikudziwa kuti munkaganiza za Mangochi uti.

Mwamva kale kuti akazi anu Ajira awachotsa ntchito kuloji kuja ndinawapezera malo. Zomwe simunamve ndi izi.

Abwana athu ali ndi bokosi lagalasi lodzaza madzi amchere, ndipo ankawetamo kansomba kochokera kunyanja yaikulu. Koonda ngati nyongolotsi, koti ngakhale mphaka sangakanunkhize. Kakachita mantha kankadzikwirira mumchenga wa pansi, tsiku lonse osaoneka. Ine ntchito yanga inali kukadyetsa basi. Abwana ankakakonda kuposa anthu, ndikunena zoona.

Lachiwiri lina abwana atapita ku Blantyre, ndinaona mchenga uja wachita ndere. Mukundidziwa ine, uve sindigona nawo. Ndinayang'ana kansombako osakaona, ndiye ndinati kabisala kumiyala. Ndinatapa mchenga ndi mbale, kuutsuka pampopi, n'kuuyanika pathumba panja monga tiyanikira usipa. Pokauwola masana ndinakapeza momwemo, kouma gwa. Mwana wa msodzi ine, kupha nsomba ndi ukhondo.

Ndinakataya kuseri kwa mpanda, mchenga n'kubwezeramo.

Abwana atabwera anafukula paliponse. Kenako anaitana alamu anga Ajira, poti ndi amene ankakolopa chipindacho.

"Unatsegula chivundikiro iwe?"

"Ndinangopukuta galasi, bwana," anatero alamu. "Pamwamba ndinasuntha pang'ono kuti nsalu ilowe."

"Basi kanadumpha, iwe n'kukasesa. Tenga zako uzipita."

Achimwene, ndinali pomwepo, thireyi ya makapu ili m'manja. Ndinaganiza za mankhwala a amayi, ndinaganiza za ana anga, ndipo ndinakhala chete mpaka alamu anavula epuloni. Wallahi, manyazi akundidya mpaka lero.

Tsopano alamu akugulitsa zitumbuwa pamsewu, mimba ya miyezi isanu ndi iwiri, padzuwa limeneli. Mapazi atupa. Ine bokosi lija ndikulisamalabe, ndipo abwana akuti aitanitsa kena chifukwa amandikhulupirira.

Ndikaulula, ntchito yanga yatha, ndipo sindikudziwa ngati alamu angawabwezere pantchito. Ndikapanda kuulula, ndiziwayang'ana bwanji m'maso? Ndinu wamkulu, ndiuzeni chochita. Mukafuna kunditukwana nditukwaneni, koma yankhani msanga, ndipo musawaimbire foni za izi ndisanalankhule nawo ndekha.

Amayi akupereka moni. Ana anu Wadi ndi Asiatu akufunsa kuti Idi ikubwerayi mudzakhala kuno kapena ayi. Alamu nawonso akupereka moni. Andipeza ndikulemba, andiikira zitumbuwa ziwiri pambale, ndipo akuti ndikuuzeni kuti musade nkhawa za iwo, poti Mulungu anawapatsa mlamu wabwino.

Ndine mlongo wanu,
Farida